Sitima Yatsopano ndi Msana wa Alamu Anu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tilipo, ana akungokula, nsapato zonse zawathina.

Sitima yothamanga ija yayamba kuyenda. Ukathira tiyi mumzinda uno, umakamumwera mumzinda winawo asanazizire. Zitseko zake zimatseguka zokha, moti bambo wina wachikulire anachita kuzithokoza polowa.

Mukukumbuka alamu anu, bambo a ana, amene amagwira ntchito mumzinda winawo, ankati sabwera kudzationa chifukwa basi imawathyola msana? Ndinawaimbira foni kuwauza kuti msana wapulumuka. Iwo akuti, "Mayi a ana, liwiro limenelo limandipatsa chizungulire." Munthu woti sanaikwerepo n'komwe.

Ndiye ndinaikwera ndine, osawauza. Kuchipinda kwawo kukuwala masiku ano: makatani atsopano, mapoto otsukidwa mpaka kunsi, maluwa pawindo. Alamu anu omwe aja osadziwa pokhala tsache kunyumba kuno. Anandilandira ataima pakhomo ngati mlonda, n'kumandifunsa za ana mokweza mawu. Sindinakhalitse. Ubwino wa sitimayi, pobwerera imathamanganso chimodzimodzi.

Amayi musawauze kaye. Koma tandiuzani, kachipinda kanu kosungiramo katundu kaja kangakwane munthu wamkulu mmodzi ndi ana awiri?

Ndatha ine,
Mng'ono wanu