Abale a pa Sitima

Lallmatie,
Mauritius.
16 Novembala, 2014.

Okondedwa achemwali anga, Didi Phoolmatee,

Musadzidzimuke kuona kalata m'malo mwa kakhadi ka chikondwerero cha Divali kaja ndimangolembapo dzina langa. Sindikudwala ayi. Bondo ndilo likuvuta monga kale, ndipo shuga adokotala akuti wakhala pansi. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Leicester sichinakuthyoleni mafupa. Ndalemba ndekha, choncho pamene zilembo zapendama mukumbukire kuti mlongo wanu anasiyira sukulu Sitandade 4 kukadula nzimbe. Yashna akanandilembera bwino, koma nkhaniyi ndi yake yomwe.

Yashna mukumudziwa pa zithunzi, mdzukulu wanga uja, wobadwa kwa mwana wanga Devika. Bambo ake atamwalira anakulira m'nyumba mwanga, ndipo tsiku la ukwati wake wodzaika dzanja lake m'dzanja la mkwati ndine, palibenso wina. Mu Ogasiti anabwera kudzandiuza kuti wapeza mwamuna. Dzina lake Kavish, amakonza mafiriji, samwa, amapereka moni bwino. Ndinafunsa kwawo. Anati ndi mdzukulu wa Kowsilla.

Dzina limenelo mukulidziwa, Didi, musachite ngati mwaiwala. Ndinu munationa ine ndi Kowsilla mu 1963 kuseri kwa mpopi tikudyera limodzi chitumbuwa cha tsabola, ndipo dzuwa lisanalowe bambo anali atamva. Ndikuwaonabe atakhala pansi pa mango akunola chikwanje, osandiyang'ana n'komwe. Anati, "Agogo ako Jhugroo ndi agogo ake Gobin anabwera pa sitima imodzi kuchokera ku Kalikata, ku India. Ndi ajahaji, abale a pa sitima. Anasanzira m'chidebe chimodzi. Kowsilla ndi mlongo wako. Ukufuna kukwatira mlongo wako, galu iwe?" Ndipo tsiku lija alongo amamanga ulusi pa mikono ya abale awo litafika, anamuitana Kowsilla kuti andimange pamaso pa mudzi wonse. Anamanga. Chaka chotsatira anabwera yekha osaitanidwa, ndipo chaka chilichonse kufikira chino wakhala akubwera ndi kaulusi kofiira, n'kunditcha achimwene. Zaka makumi asanu ndi chimodzi.

Ndiye Yashna ndinamuuza mawu omwewo, kupatula za galu.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nana, sitima imeneyi inafika kapena ikadali panjira? Kapena tikadali momwemo tonsefe?"

Ndinati, "Lamulo la makolo silichita dzimbiri."

"Chabwino," anatero. "Popanda dzanja lanu sindikwatiwa. Koma mudzandiona m'nyumba muno mpaka imvi, ndipo tiyi wanu ndizithira mchere."

Devika analira, apanditi a ku kachisi kwathu anabwera kudzandiuza kuti m'mabuku awo mulibe zotere, ine ndinakana ndithu. Kwa inu ndivomere, poti muli kutali ndipo simungandiyang'ane m'maso: sizinali za makolo ayi. Mumtima ndinkati, ine anandimana, iwowa ndi ndani?

Loweruka la sabata yatha Yashna anati tipite ku Port Louis kukandigulira magalasi atsopano. Titatsika basi, m'malo molowera kumashopu anandikoka mkono kulowera kunyanja. Didi, zaka makumi atatu ndinkatsikira pa depoti pomwepo ndi madengu a mabiringanya, ndipo khoma la miyala yakuda lija ndinkaliona masiku onse. Ndinkayesa ndi nyumba yosungiramo katundu. Mwinanso sindinalakwitse kwenikweni. Mpamene ankasungira agogo athu akatsika m'sitima, kudikira kuti eni minda ya nzimbe adzawatenge.

Ndinavula nsapato pakhomo monga timachitira ku kachisi. Nditayang'ana ndinapeza kuti ndine ndekha wopanda nsapato. Ena onse anali ndi zipewa za dzuwa, akujambulana. Ndinafuna kuvalanso, koma ndinachita manyazi kawiri, ndiye ndinangozinyamula m'manja. Mtsikana wogwira ntchito pamalopo anatilandira mwaulemu. Anatisonyeza posambira, kachipinda ka odwala, kenako masitepe otsikira kumadzi. Anati alipo khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo anthu athu ankakwera pamenepo. Ine ndinkayembekeza chinthu chachikulu, sindikudziwa chiyani. Koma ndi masitepe basi, Didi, ocheperapo kuposa a ku chipatala cha ku Flacq, ndipo kumbuyo kwake magalimoto akungodutsa. Ndinawerenga ndinapeza khumi ndi asanu. Ndinabwereza ndinapeza khumi ndi asanu ndi awiri.

Ndikuwerenga kachitatu ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Achimwene, mwagulitsa nsapato kapena mukuzipumitsa?"

Anali Kowsilla, atakhala pa kakhoma ndi ambulera yake yakuda, Kavish ataima pambali pake ngati munthu wodikira chigamulo. Ndinadziwa kuti za magalasi zinali bodza.

Yashna anatulutsa mapepala awiri m'chikwama. Anati anakawatenga ku Moka, kumene amasunga mabuku akale a anthu obwera pa sitima. Pepala lililonse linali ndi chithunzi. Choyamba chinali cha mnyamata woonda, maso otong'oka, makutu ngati anga. Agogo Jhugroo, Didi. Ine ndinkawadziwa ngati nkhalamba ya ndodo, koma apa ndi mwana, wamng'ono kuposa Yashna, ndipo akuoneka ngati wina wangomukalipira m'chilankhulo chimene sakuchimva. Ndinafuna kumuuza kuti asaope, kenako ndinaganiza kuti ayi, anali ndi chifukwa choopera.

"Werengani chaka, Nana," anatero Yashna.

Ndinati magalasi ndilibe, ndi amene tabwerera.

Anawerenga yekha. Jhugroo anafika mu 1889. Gobin anafika mu 1893. Sitima zake ziwiri, mayina ake achizungu amene lilime langa likukana, koma ziwiri.

Ndinakwiya. Ndinati akalaliki a nthawi imeneyo ankalemba zimene khutu lawo lamva, dzina lathu lomweli analilemba mitundu itatu, ndiye chaka angalephere kuchisokoneza? Ndinati bambo athu sanali munthu wabodza. Ndinakweza mawu mpaka a zipewa aja anasiya kujambulana. Kavish anati, "Agogo, mwina tikhale pansi." Ndinati, "Iwe kakonze mafiriji."

Pamenepo Kowsilla anapinda ambulera. Anati, "Sookdeo, khala pansi. Pepalalo silikunama."

Anali asananditchulepo dzina langa chichokere 1963. Ndinakhala.

Anandiuza zimene agogo ake aakazi anamuuza. Gobin anatsika m'sitima akudwala m'mimba, anamugoneka m'kachipinda komwe tinaona kaja. Pamene ankachira, anzake onse a pa sitima anali atatengedwa kupita ku minda ya kum'mwera, iye anamutumiza yekha kwathu kuno. Analibe munthu. Zaka zake zisanu za pangano la ntchito zitatha anafuna kukwatira, koma bambo a mtsikanayo anati, "M'bale wako ndani? Munthu wopanda womuimirira sindimupatsa mwana wanga." Agogo athu Jhugroo, amene ankadula naye mzere umodzi, anaimirira n'kunena kuti, "Ameneyu ndi jahaji wanga, tinabwera limodzi." Ukwati unachitika. Ndipo poti bodza likanaululika banja likanatha, analibwereza ndi kulibwereza, n'kuwonjezera za chidebe, mpaka ana awo anakhulupirira. Mwinanso eni akewo anafika pokhulupirira.

Ndinati, "Iwe unadziwa liti zimenezi?"

"Mu 1969, agogo ali pa mphasa."

"Ndiye unangokhala chete?"

"Ndinali ndi ana awiri, iwe utangokwatira Sarojini. Ndikanakuuza kuti utani nazo? Uthire mu ndiwo?"

"Nanga mu Ogasiti, ana awa akulira?"

"Ukanandimvera? Iwe umamvera akufa okha. Ndinamuuza Yashna kuti akakutengere akufa omwewo."

Ndinayang'ana pa mkono wanga. Kaulusi ka chaka chino kanali kakadali pompo, katayera ndi sopo, chifukwa ine sindikachotsa mpaka kaduke kokha. Ndinati, "Ngati unkadziwa kuti sindine mlongo wako, ulusi unkabwera nawo chifukwa chiyani chaka ndi chaka?"

Anayang'ana kumadzi. Anati, "Iwe ndiwe wopusadi. Nanga dzanja lako ndikanaligwira bwanji anthu akuona?"

Ana aja anapeza chochita ndi mafoni awo. Ine ndinangokhala, nsapato zili pa miyendo. Kenako Kowsilla anati, "Bweretsa mkono kuno." Anamasula kaulusi kaja ndi zikhadabo, pang'onopang'ono chifukwa zala zake zinapindika, n'kukaika m'kachikwama kake ka mankhwala. Sanapereke chifukwa. Mpaka lero sindikudziwa ngati anandimasula kapena anandichotsa ntchito.

Yashna anati, "Nana, ndiye mukuti bwanji?"

Ndinati ndamva njala. Tinakadya tichapati tija ta dalipuri pafupi ndi msika, titaimirira, msuzi ukuyenderera m'zala. Kavish anandiikira tsabola wambiri, ndikuganiza kuti dala. Magalasi sitinagule.

Chibwerere kumeneko mutu wanga suli pamodzi, Didi. Ndimadzuka m'mawa kufuna kukwiya monga ndinazolowera, koma sindikupeza womukwiyira. Bambo ananena zimene anauzidwa. Agogo Jhugroo ananama, koma ananama kuti mnzawo akwatire, ndipo akanapanda kunama Kowsilla sakanabadwa n'komwe. Ndiye bodza limene linandipatsa Kowsilla ndi lomwenso linandilanda. Zimenezi munthu wa Sitandade 4 azimve bwanji? Ndikati ndilire zaka zanga, ndikuona malemu mkazi wanga Sarojini, amene anandiphikira zaka makumi anayi osandifunsa chifukwa chimene ndinkakhalira chete, ndipo popanda iye Devika ndi Yashna kulibe. Ndikati ndithokoze, mtima ukukana. Ndapita kawiri pansi pa mango paja kukaima. Palibe chimene ndinamva, mango akungogwa.

Chotsala ndi chimodzi chimene sindinauze munthu. Bambo ananena kamodzi kokha. Sanandimange miyendo. Anyamata ena nthawi imeneyo ankathawira ku tauni ndi atsikana awo, n'kubwerako patapita chaka ali ndi khanda, makolo n'kulandira. Ine ndinati inde bambo, n'kutenga chikwanje changa. Kunali kosavuta kukwiyira inu kusiyana ndi kukumbukira zimenezo.

Lachitatu ndinamuitana Yashna. Ndinamuuza kuti apite kwa apanditi akaone tsiku. Anafuna kundikumbatira, ndinati tiyi kaye, wopanda mchere. Apanditi apereka mwezi wa Epulo. Kowsilla anabwera Lachisanu ndi Devika kudzakamba za tenti ndi za ophika, ndipo tinakangana za masamba a nthochi odyerapo ngati anthu wamba. Potsanzikana ndinasowa chomutcha. Mlongo si mlongo, ndipo dzina lake pakamwa panga likulemera. Ndinangoti, "Muyende bwino, inu." Anaseka mpaka kutsokomola.

Tsopano pempho langa. Ndinafuna kukufunsani ngati inu munkadziwa za sitima ziwirizi, poti agogo ankakukondani ndipo munkawatsuka mapazi. Ndaganiza kuti musandiuze. Ngati munkadziwa, sungani. Ngati simunkadziwa, ndiye munali mtsikana amene anaona mlongo wake akulowa m'chimene ankayesa tchimo, n'kuthamangira kwa bambo. Ine ndikanakhala inu mwina ndikanathamanga koposa.

Mukukumbukira chaka chija ndinabisa mkono kumbuyo pamene munabwera ndi ulusi wanu, ndinati mlongo ndapatsidwa kale wina. Munapita ku Mangalande, ndipo chaka chilichonse envulopu inkafika ndi kaulusi mkati. Sindinavale, koma musaganize kuti ndinataya. Tiulusi tonse tili m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Dzulo ndinachitsitsa n'kuyesa kudzimanga kamodzi. Munthu sangathe ndi dzanja limodzi, ndinayesa ndi mano omwe.

Bwerani mu Epulo, Didi. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo miyendo yanu si ya kale, koma mwana wa pa chithunzi uja wa makutu aakulu anakhala pamadzi milungu yambiri, inu ndi tsiku limodzi lokha mumlengalenga. Muuzeni mwana wanu Rajen akuperekezeni. Ndidzakutengerani ku masitepe aja mukandiwerengere, chifukwa inu masamu munkakhoza. Ndikudziwanso kuti Epulo si mwezi wa ulusi. Apanditi akadandaula ndidzawauza kuti tachedwa kale, sitingadikirenso Ogasiti.

Devika akupereka moni. Yashna akuti mubweretse chipewa chachikulu ngati cha azimayi a kumeneko. Kowsilla akuti ndikuuzeni kuti chitumbuwa chija anagula ndi iye, ine ndinangodya, ndiye ngati panali mlandu unali wake. Moni kwa Rajen, mkazi wake ndi ana, amene mayina awo ndikupempha mundilembere bwinobwino, chifukwa zaka zonsezi sindinafunse.

Pa mkono panga patsala mzere woyera pamene dzuwa silinkafika. Ndikuusunga.

Ndine mlongo wanu,
Sookdeo.