Ndine Ndinakuwa Kuti Musacheuke

Lolemba, 10 Juni 1974

Ndodo iyi idzavulaza munthu pakhomo pano. Kumutu kwake n'chitsulo, ndipo Kezia wangoyamba kumene kuyenda. Abambo ake abwera nayo lero. Awabwereka ndi a Wilkins, bwana wa kumacheka kuno ku Luwawa, amene amawanyamulira thumba la gofu. Akuti Loweruka ku Mzimba kuli mpikisano wa onyamula matumba. Ndanena za mwana, angoseka.

Lachiwiri, 11 Juni

Kuweruka kokha, ayamba kumenya zipatso za paini kuseri kwa nyumba. Akuti bwana wawakonza kaimidwe. Mapazi atalikirane ngati mapewa, mawondo apinde pang'ono, msana usawerame ngati wa munthu wopalira. Koma vuto lalikulu, akamakweza ndodo kumbuyo amacheuka kuiyang'ana. Bwana akuti, "Yotam, ndodo sithawa. Maso pansi!"

Andipempha ndiziima kutsogolo, ndizinena akacheuka. Kezia ndinamubereka.

Lachitatu, 12 Juni

Acheuka kasanu ndi kawiri. A Felesta a nyumba yoyandikana nafe anaima ndi ndowa pamutu, amvekere, "Mbwenu amuna akumenya mphepo, akazi ndiye kapitawo!" Taseka. Kunena zoona zayamba kundikomera. Phewa likafika pansi pa chibwano, mkono wamanzere uli chiwongokere, amaoneka ngati munthu wina, osati wonyamula thumba la mnzake.

Lachinayi, 13 Juni

Kezia ndinamutsitsa kumsana chifukwa ankavutika. Ndinamukhazika pamphasa pakhonde, ndati kanthawi kochepa.

Maso anga anali pa chibwano cha abambo ake basi. Iwo anamva kaphokoso kumbuyo, khosi linayamba kutembenuka. Ine n'kukuwa, "Musacheuke!" Sanacheuke. Koyamba sabata yonseyi kumvera.

Mwanayo anatola chipatso cha paini, amabweretsera abambo ake. Chitsulo chinamupeza pamwamba pa khutu. Magazi ayi, chotupa chokha. Analira kwambiri, kenako n'kuyamwa.

Lachisanu, 14 Juni

Apita m'mawa pa galimoto ya a Wilkins. Iwo ankafuna kutsala, ndodo anali ataiponya pansi pa bedi. Ndine ndinaitulutsa. Ndinati pitani, mwana ali bwino. Sindinawauze kuti wasanza kawiri iwo ali kosamba. Ndimaopa kuti akatsala tingokhala chiyang'anizane, tonse tikudziwa amene anakuwa.

Masana wasanzanso. A Felesta amugwira pamphumi. "Akugona chomene mwana uyu, mama. Thamangani naye kuchipatala ku Boma." Ndakhuthula sutikesi yonse kufuna khadi langa la chipani. Kenako ndakumbuka, lili pamodzi ndi la abambo ake m'thumba la jekete yomwe avala. Popanda khadi anyamata a chipani a pasiteji salola munthu kukwera basi. La a Felesta lili ndi dzina lawo, ndipo anyamatawo amatidziwa tonse.

Abambo ake akanacheuka ngati masiku onse akanamuona.

Loweruka, 15 Juni

Sakuyamwa. Mkaka ukungotsika m'mbali mwa kamwa.

Lole ya matabwa ikunyamuka kupita ku Mzimba. A Newton oyendetsa akuti kukweza mayi ndi mwana ntchito iwathera, koma kalata atenga, bwalo la gofulo akulidziwa. Pepala lina ndilibe, nding'amba lomweli. Abambo ake awerenge zonse, zilibenso kanthu.

Abambo a Kezia, ndinakunamizani. Mwana akusanza kuyambira dzulo m'mawa, inu musananyamuke. Lero sakudzuka, ndikamutsina angobuula. Chotupa chija chafewa. Kaya mwaima kale pampira, kaya ndodo mwaikweza, iponyeni pansi. Gwadirani a Wilkins akupatseni galimoto, mubwere ndi khadi langa. Mudzandikalipira tikafika kuchipatala. Bwerani tsopano lino, ndapota nanu.