Kachilumba Kamene Ndinaulula

Lolemba, 18 Setembro

Ndilembe basi, apo ayi ndiphulika.

M'mawa ku papelariya, shopu ya mapepala kumene ndimagwira ntchito, Telmo, mnzanga wa pa makina a fotokopi, wandiitana akumwetulira. "Zawadi, uku si kwanu ku Meponda?" Wandipatsa foni yake. Vidiyo ya Lígia, mnzanga wa pamtima. Kanyimbo chapansipansi, mchenga woyera, miyala itatu ija, pamwamba walemba zilembo zikuluzikulu kuti praia secreta, gombe limene palibe amalidziwa. Oonera 11,000.

Ndi kachilumba kathu. Ndinamutengera kumeneko ndine, mu Julho, tsiku limene Amayi ankatsiriza eda, chibindikiro cha umasiye. Anakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi kulira Ababa, ndipo tsiku lotuluka azimayi a pamtundu pathu amawolokera pa kachilumbako kukamusambitsa wamasiye. Mwamuna sapondapo. Asodzi amalambalala patali, mphepo ikawakankhira pafupi amakuwa odi, nkhope atalozetsa kwina. Lígia anandichonderera kuti nayenso ndi mkazi, akufuna angoona mwambo wathu. Ndinamupemphera kwa Amayi ndi pakamwa pangapa. Iwo anati, "Mnzako ndi mwana wanga, abwere." Iye analumbira atagwira pachifuwa kuti foni ikhala m'chikwama.

Ndaimitsa vidiyo pa sekondi 14. Kuseri kwa mwala wapakati, Amayi ali m'madzi olekeza m'chiuno, mutu uli pamtunda, msana uli pamtunda, azakhali Atija akuwathira madzi ndi chikho. Mutu wa Amayi umene ngakhale alamu awo sanauonepo wopanda mpango!

Telmo sanazindikire. Wangoti malo okongola bwanji. Ine ndathamangira kuchimbudzi kukasanza.

Lachiwiri, 19 Setembro

Lígia ndamupeza kunyumba kwake ku Chiuaula akupaka zikhadabo. Munthu amene tadyera mbale imodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Atagonekedwa ndi malungo chaka chatha womudikirira kuchipatala ndinali ine, abale ake ali phee ku Cuamba.

Ndati Lígia, wandichita chiyani? Iye, "Iii amiga, nkhope sikuoneka! Angadziwe ndani?" Ndati ku Meponda munthu amadziwika ndi msana womwe. Akuti ndikukuza nkhani, malo okongola chonchija si obisa, dziko ndi la tonse. Mpaka kundiuza kuti ndimuthokoze poti watchukitsa kwathu. Kuthokoza! Ndinafuna kumukhuthulira kabotolo ka utoto kaja kumaso, Mulungu andikhululukire.

Potsiriza wati chabwino, afufuta madzulo ano. Wanena akuuzira zikhadabo kuti ziume.

Lachitatu, 20 Setembro

Sanafufute. 19,000.

Ndiye za lero zaposa. Masana kwabwera Gércio, chibwenzi chake chija cha magalasi akuda, fulashi ili m'manja. Akufuna mapepala 50 olengeza ulendo wa ku praia secreta pa feriyadu, tchuthi cha pa 25. Chapa (minibasi zija), boti la injini, nyimbo, mowa. Chithunzi chake n'cha miyala yathu. Abwana anali pompo, ndikanakana bwanji? Ndasindikiza ndekha, pepala lililonse likugwera m'manja mwanga lotentha. Ndiye kuti vidiyo ija sinali ngozi ayi. Anapangana anthu awiriwa, ndipo ine ndinali mlatho chabe.

G. potuluka akuti, "Mana Zawadi, inunso mubwere, ndinu eni malo."

Ndamuimbira L. kasanu, sakuyankha. Kauthenga kokha: mawa amiga.

Lachinayi, 21 Setembro

Ndatulutsa foni kuti ndiwaimbire Amayi. Ndaibwezera m'thumba.

Lachisanu, 22 Setembro

Achimwene Fakihi aimba litangotha pemphero la Juma. Opanda ndi salamu yomwe. Akuti potuluka mumzikiti anapeza amuna ataunjikana pa foni imodzi, iwo kungofika onse zii. Mmodzi ndiye anawakokera pambali n'kuwaonetsa. "Zawadi, mlendo uja anabwera ndi ndani?" Ndati ndi ine. "Basi." Ndafunsa ngati Amayi adziwa. Akuti bwera udzawafunse wekha.

Vidiyo yafufutidwa 3 koloko. Madzi akatayika sawoleka, anthu anatumizirana kalekale. L. wanditumizira kamtima kofiira. Za ulendo wa pa 25 sanatchule.

Poweruka ndaona mapepala aja atamatidwa m'mitengo ya kumsika. Ndang'amba anayi. Atsala 46.

Loweruka, 23 Setembro, ku Meponda

Mu chapa ndakhalira thumba la mbatatesi njira yonse yotsika mapiri.

Amayi ndawapeza akutembenuza usipa pa thandala kuseri kwa nyumba. Ndagwada. Andiyankha moni bwinobwino, afunsa za ulendo, afunsa ngati chifuwa chija chinatha. Ndayamba kuti Amayi, nkhani ya Lígia... Iwo, "Tenga lichero ilo, nsomba zipserera." Bola akanandimenya. Mpango aumanga mpaka m'nsidze. Achimwene akuti chiyambire Lachinayi Amayi sanatuluke kunja kwa mpanda, ngakhale kumsika. Munthu wangotsiriza kumene miyezi inayi ya m'nyumba, ndamubwezeramo ine.

Azakhali Atija ndiye sanandinyengerere. "Iwe, agogo ako anasambitsidwa pompaja. Ine ndinasambitsidwa pompaja. Nkhondo yonse ija asilikali sanapadziwe. Wadzapaulula iwe ndi sukulu yakoyo." Ndati wojambula si ine, azakhali. Akuti, "Foni ilibe miyendo, mwanawe. Inakwera bwato ndi ndani?"

Ndalira kukhitchini. Ndamukwiyira Lígia mpaka mano akuwawa, koma azakhali sananame.

Lamulungu, 24 Setembro

Achimwene ayenda kwa eni maboti kuwapempha kuti asawanyamule anthuwo. Onse amva kupatula mmodzi, mlendo pamudzi pano, amene G. anagwirizana naye kale.

Lolemba, 25 Setembro

Abwera. Chapa zitatu, 9 koloko. Amuna a makabudula, mabokosi a mowa pamapewa, chowulutsira nyimbo chachikulu ngati kabati. Boti lapita n'kubwera maulendo anayi. Ndaima pamchenga n'kumaonerera amuna akulumphira pa kachilumba, wina wakwera pamwala wapakati uja n'kuvula malaya akukuwa. Nyimbo zikumveka mpaka pakhomo pathu, Amayi ali m'nyumba chitseko chotseka kunja kukutentha chonchi.

Lígia anali wa ulendo womaliza. Chipewa chachikulu, milomo yofiira. Wandiona, "Amiga!" ngati dzulo tinagona nyumba imodzi. Watulutsa kapulana, chitenje chatsopano, m'chikwama, akuti ndi wa mamã, chipepeso, ndiwapatse. Ndakana kumulandira. Ndiye mtima wake uja, wayenda yekha mpaka kwathu, wamusiya pa thandala la usipa n'kuthamangira ku boti.

Amayi atuluka, amuyang'ana kapulanayo osamukhudza. "Kam'bwezere mlendo wako nsalu yake."

Mlendo wako. Ndathamanga nayo, boti litayamba kale kuchoka. Ndalowa m'madzi mpaka m'maondo n'kuiponya ndi mphamvu zanga zonse, ndikukuwa mawu amene sindingalembe muno. Yagwera m'madzi. Anthu a m'boti aseka, wina amandijambula. L. watembenukira kwina.

Ndafufuta nambala yake. Koma ndimaidziwa pamtima, chitsiru ine.

Lachiwiri, 26 Setembro

Ndadzuka 5 koloko nditamva mabeseni kulira panja. Azimayi asanu ndi mmodzi a pamtundu pathu, azakhali, ndi Amayi pakati pawo. Atuluka! Mtima wanga myaa. Koma sanalowere ku mabwato, atenga kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa kulowera kummwera. Ndiye kuti apeza pena posamba.

Ndatenga sopo ndi chitenje changa, ndawathamangira. Ndawapeza pa mtengo wa mango. Kucheza konse kwathera pompo.

"Ukupita kuti?" Amayi afunsa.

"Kosamba, Amayi."

Andiyandikira, andikonzera mpango umene unapendekeka pothamanga. Mawu awo ofatsa ngati masiku onse. "Madzi ndakuikira kubafa, ndi ofunda. Kasambe msanga, chapa cha 8 chingakusiye."

Ndati sindiuza munthu, Amayi, ndithu wallahi, ngakhale foni ndaisiya kunyumba. Azakhali ayang'ana pansi. Amayi angoti, "Ndamva, mwanangu. Bwerera."

Palibe wasuntha. Aima pomwepo onse, mabeseni ali pamutu, kudikira kuti ine nditembenuke kaye.