Wachinayi wa Achemwali

Lolemba, 9 Juni

Achemwali abwera ku saluni ndili mkati moluka kasitomala. Avala malaya achikasu olembedwa dzina la kampani yawo ya maulendo. Akuti ukalowa umembala umalipira mwezi ndi mwezi, ndiye mahotela ndi matikiti a ndege umapeza motchipa. Ukabweretsa anthu anayi iwe sulipiranso, umayamba kulandira. Iwo ali ndi atatu. Wachinayi ndine, akutero.

Kasitomala wanga, mutu uli chozyolika, wafunsa kuti, "Nanga inuyo mwapitako kuti?" Achemwali angoseka n'kuyamba kuyamikira mtundu wa meshi.

Lachitatu, 11 Juni

Ndapita ku msonkhano wawo, kuwopa kukana chinthu chosachiona. Kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala, mipando yapulasitiki, fani yakufa. Wolankhula amamutcha Kaputeni. Suti yoyera, nsapato zosongoka ngati akufuna kuphera mphemvu pakona. Wationetsa zithunzi za anthu atagona padzuwa m'mbali mwa madamu osambira. Ine ndakweza dzanja, ndafunsa kuti ndani muno anakwerapo ndege ndi umembalawu. Iye akuti, "Mayi, wosauka amafunsa, wolemera amasaina." Anthu m'manja phwaphwaphwa. Achemwali anditsina pantchafu.

Potsika masitepe ndayenda ndi bambo wina wachikulire, mlonda wa pa sukulu. Atha chaka akulipira, pasipoti alibe. Akuti zake zitseguka mwezi wamawa. Wanena akuyang'ana pansi.

Lachinayi, 12 Juni

Makasitomala zii, ndiye ndakhalira foni. Hotela yomwe Kaputeni amati ndi mtengo wa mamembala, munthu wamba akuipeza pa mtengo womwewo. Ndayesa ina, chimodzimodzi. Ndiye chikugulitsidwa apa si ulendo ayi. Ndi ifeyo.

Lachisanu, 13 Juni

Kwa achemwali firiji kulibe. Pangotsala dzimbiri la miyendo yake pa simenti. Alamu akudziwa kuti ili kokonzetsa.

Achemwali ndawauza zomwe ndapeza, tili kukhitchini, motsitsa mawu. Ndimayembekeza kuti akalipa. M'malo mwake akuti, "Ukuyesa sindikudziwa? Koma ndikasiya lero, firiji ndinagulitsa ija yapita ulele. Alamu akowa ndiwauza chiyani?" Kenako andigwira dzanja ngati kale tikamawoloka msewu popita ku sukulu. "Mwezi umodzi wokha, mng'ono wanga. Ndingopuma."

Kuti ndilowe, n'kugulitsa chowumitsira tsitsi. Popanda icho saluni palibe. Ndipo nanenso ndidzafuna anayi anga, anayiwo afune awo. Ndiwatenga kuti, makasitomala anga omwewa?

Ndakana. Sanandiperekeze ngakhale pakhomo.

Lamulungu, 15 Juni

Foni sakuyankha. Mauthenga akuwerenga.

Lachiwiri, 17 Juni

Amayi aimba masana, mawu ali odzaza chimwemwe, sindinawamve chonchi chimwalirire bambo. Akuti achemwali anabwera dzulo ndi malaya achikasu, awalembetsa. Amayi apereka ndalama zomwe timasonkha zoti akachotse ng'ala m'maso. Akuti zibwerera zitaswana, ng'alayo adzachotsa bwino kuchipatala cha kunja komweko.

"Mkulu wako wandiganizira," akutero. "Ine wosakwerapo ndege. Ubwere udzandiluke, ndikajambulitse chithunzi cha pasipoti. Osati zothina zija, mutu umandiwawa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ndiyambire pati? Kuti mwana wawo woyamba wawadyera akudziwa? Kuti ndikanavomera ine, iwo sakanafikiridwa?

Anafunsa ngati ndikumva.

Ndati ndikumva, amayi. Ndibwera Lachinayi.

Ndatseka saluni dzuwa likadalipo. Chipeso ndi meshi ndaika kale m'chikwama.