Benchi Yakumbuyo ya Esinati

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Sinda tilipo. Chimanga chadzaza nkhokwe imodzi, nsawa zachita bwino, koma thonje ladyedwa ndi mbozi. Mbuzi yanu ija yabereka awiri. Bambo a Esinati chipitire kumigodi sanalembe. Pakhomo tatsala awiri, ndipo kuyambira tsiku tinakuikani m'manda, mawu ndi ochepa.

Nkhani ndi ya Esinati yemweyo, mdzukulu wanu. Chaka chino alemba mayeso a Sitandade 2, ndipo akalephera masamu sukulu yathera pomwepo. Aphunzitsi ake amakhazika ana motsata makhozedwe: wokhoza kutsogolo, wolephera kumbuyo. Lachisanu wokhoza amapatsidwa kamtengo kuti akwapule anzake olakwa. Nanga mwana angafunse bwanji pamenepo? Ukangoti sindinamve, kalasi yonse yadziwa benchi yako. Ndiye Esinati, poopa benchi yakumbuyo, wakhala akungokopera pa sileti ya mnzake chiyambire dzinja.

Mtima wanga mumaudziwa. Nditazidziwa zimenezi, ndinapita kusukuluko khasu lili paphewa, n'kuwauza aphunzitsi pamaso pa ana kuti sakuphunzitsa ayi, akungopeta ana ngati chimanga. Mawuwo ndi oona, sindiwabweza. Koma titafika kunyumba ndinatembenukira mwana. Ndinati, "Nanga ine osandifunsa bwanji?" Iye anati, "Inunso mumakalipa."

Amayi, zinandilasa. Ine amene ndinaphunzira kuwerenga poimitsa aliyense wodutsa pamsewu kuti andiuze zilembo za pamatumba a thonje, inu mukundiseka kuti, "Safunsa adadya phula, koma iwe udzafunsa ndi agalu omwe."

Dzulo masana ndinatenga sileti yake n'kukhala pansi pa mango uja. Ndinati, "Esinati, kugawa kokhala ndi zotsalaku ine sindikudziwa. Tandionetsa." Sindinali kunama. Iye anati, "Inenso, amayi." Aka n'koyamba kuvomera pamaso pa munthu.

Ndiye osadziwa tilipo awiri, ndipo wodziwa ndi yemwe ndinamunyoza uja. Mukanakhalapo mukanandiperekeza, n'kumandikanda pamene lilime layamba kuthamanga. Tsopano ndipita ndekha. Lolemba ndigwira nkhuku yoyera ija ndikapepese, ndipo funso loyamba ndikafunsa ndine, kalasi yonse ikumva. Akandilozera benchi yakumbuyo, ndikakhala. Ndakulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa uja,
Alinesi