Chithuwi cha Maluwa

Lachitatu madzulo, kuno ku Chiparamba. Lero ndasangalala mpaka njala sindikuimva!

Ng'ombe yathu Maluwa yaswa m'mawa, thole lalikazi. Amuna anga, bambo a Tisa, anatulukira ndi chidebe monga amachitira nthawi zonse, kuti akame chithuwi, mkaka woyamba wachikasu uja, akapatse agalu. Kwawo amati ndi mafinya, amatsegula thole m'mimba. Ine ndinakaima pakhomo pa khola.

"Lero simukama," ndinatero.

"Kodi amake Tisa, mukufuna nalonso life?"

Ndinawauza zimene ndinamva kwa alangizi a ziweto ku Chipata. M'chithuwi muli mapuloteni olimbana ndi tizilombo ta m'matumbo. Akuti akatswiri akuyesa kuwatenga mumkaka ndi m'mazira kuti aziteteza zakudya za anthu, ana asamatsegule m'mimba. Ndiye ife mankhwala oterewa tizinenepetsera agalu? Matole awiri tinakwirira kale, onse anafa ndi kutsegula m'mimba, chonsecho chithuwi sanachilawe n'komwe. Agalu omwe ankamwawo ali gwa!

Amuna anga anayang'ana Bobi, galu wonenepa kuposa onse m'mudzi muno. Kenaka anaika chidebe pansi.

Thole layamwa mpaka kukhuta, ndipo laima lokha. Mantha ndili nawobe. Likangodwala sabata ino, mlandu wonse ukhala wanga, ndipo apongozi akadzamva...

Koma taonani, ndikuwaona pawindo bambo a Tisa, atenga kamtengo, akupirikitsa Bobi kuti asayandikire khola.