Alamu anakaniza a Tisa kukadikila ku chipatala

Asisi Misozi,

Landilani moni wanga mwaulemu. Muli bwanji ku yunivesiti uko? Kuno ku Nyampande tili bwino, chifuwa cha amai chija chinatha. Amene atidetsa nkhawa ndi asisi Tisa. Mimba yakula, miyendo ndi nkhope zatupa, mutu suleka kuwawa. Anesi anati magazi akuthamanga kwambili, apite akadikile ku chipatala cha mishoni mpaka atachila.

Dzulo ndinapita kukawathandiza kumanga katundu. Amuna awo ndinawapeza pansi pa mango, akusewela nsolo. Akuti, "Sapita uyo. Nshawa akumbe ndani? Amai anga anatibalila m'nyumba tonse."

Manyazi anga muwadziwa, koma ndinayankha. Ndinati matenda amenewa ndi amene inu mukufufuza pa maphunzilo anu a udokotala, ndipo amapha. Anaseka mano onse panja. "Mbeta uja? Aphunzila mimba za anzake m'mabuku, yake alibe!"

Asisi, munthu wandevu zake! Ng'ombe yake ikangotsokomola amapalasa njinga mpaka ku Petauke kukagula mankhwala, koma mkazi wake amukaniza ngolo. Ndinawayang'ana, ulemu wonse unandithela.

Ndinakauza amalume a Daka. Lelo m'mawa abwela ndi ngolo yawo, awatenga a Tisa osapempha munthu. Alamu anaimilila pakhomo, funso lawo limodzi: "Nanga aziniphikila ndani?"

Chonde muwaimbile a Tisa, ali ndi mantha, ndipo inu amakumvelani. Mulungu akusungeni mpaka mutsilize.

Ine mng'ono wanu,
Tamala